Mlandu Suola: Za Anthu Obvulala pa Nchito

Pa mwambo wa makolo athu, munthu akabwereka khasu kwa mnansi wace, nalithyola m'munda, sabweza mpini wokha ndi kuti, "Pepani, linali tsoka." Adziwa yekha, osauzidwa ndi mfumu, kuti ayenera kufuna khasu lina, kapena kupita nalo kwa wosula kuti alikonze. Momwemonso wobwereka nkhwangwa, kapena bwato la kunyanja, kapena ng'ombe ya pa ngolo. Palibe afunsa ngati anathyola dala kapena mwangozi. Mlandu wagona pakuti cinthu ca mwini cinaonongekera m'manja mwace, ciri kumgwirira nchito iye. Mwambo umenewu tiudziwa tonse, ana ndi akuru omwe, ndipo palibe autsutsa.

Tsono ife tafuna kukambirana nanu, abale owerenga, za cinthu cina cimene timabwereketsa masiku onse, ca mtengo woposa khasu ndi bwato, koma cikabwera cothyoka timangoti cete. Cinthuco ndico thupi la munthu. Pakuti mnyamata akalembedwa nchito m'minda ya tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje, kapena kukadula nzimbe ku Nchalo ndi ku Dwangwa, kapena kukakwera pa nyumba zazitali zomangidwa ku Lilongwe, sagulitsa thupi lace ai. Agulitsa mphamvu ya tsiku limenelo, ndipo malipiro a pa mwezi ndiwo mtengo wa mphamvuyo; koma manja, maso, msana ndi mapapu wangobwereketsa, kuyembekeza kuti madzulo abwerera nazo kwao zamphumphu. Zikapanda kubwerera zamphumphu pali mlandu, ndipo mlanduwo uli naye mwini woulipa.

Koma taonani umo timacitira m'midzi mwathu. Munthu akafika ndi dzanja lokulunga nsaru, timasonkhana kukamzonda, tinena kuti tsoka silinunkha, ena ayamba kunong'onezana za mnzace amene anamcitira nsanje pa nchitopo; ndipo bwana akatumiza ndalama pang'ono ya sopo ndi thumba la ufa, tiomba m'manja ndi kuti, "Bwana ameneyu ngwacifundo." Wobvulalayo acita manyazi kufunsa zoposa pamenepo, aopanso kuti akafunsa adzamcotsa nchito, kapena mbale wace wotsala komweko adzabvutika cifukwa ca iye. Potero katundu yense agwera anthu amene sanabwereke kanthu. Mkazi alima yekha munda wa anthu awiri, mwini mbumba agulitsa mbuzi kuti apeze ya ulendo wa ku cipatala, ndi mwana wamkazi aleka sukulu kuti azitunga madzi ndi kudwazika atate wace. Zimenezi taziona ndi maso athu, si kamodzi kokha. Tinaona mwamuna wina amene lamba wa cigayo anamdula zala zitatu za dzanja lamanja. Anapatsidwa ndalama zokwanira mankhwala a sabata imodzi, nathokoza, nabwerera kumudzi. Asanapite ku cigayoko anali mmisiri woluka mphasa ndi nkhokwe, koma kuyambira pamenepo sanalukenso kufikira imfa yace.

Ambiri a ife tiganiza kuti cipepeso ca munthu wobvulala cituruka m'cifundo ca mwini nchito, kotero kuti akapatsa tithokoze, akamana tipirire. Si tero ai. Nkhani imeneyi inayamba kubvuta maiko a kutali pamene makina anacuruka. Kale ku Ulaya wanchito wobvulala anayenera kupita ku bwalo la milandu, nakatsimikiza kuti bwana wace ndiye analakwa. Ndipo popeza wosauka alibe ndalama zolipira loya, ambiri anangosanduka opemphapempha. M'caka ca 1884 dziko la Germany, pa nthawi ya Bismarck, linaika lamulo lakuti eni nchito asonkhe ndalama zothandizira anchito ao obvulala. Ndipo mu 1897 dziko la Britain linaika lace lakuti mwini nchito alipe munthu wopwetekeka pa nchito zoopsa, monga za m'migodi, za njanji ndi za m'mafakitale. Nzeru yaikuru ya malamulo amenewa ndi yomwe ija ya khasu. Safunsa kuti analakwa ndani. Afunsa ngati ngoziyo inaturuka m'nchito, munthuyo ali pa nchito yace. Pambuyo pace, mu 1925, bungwe la maiko loona za anchito, lochedwa ILO, linapangana kuti mlendo wobvulala m'dziko la eni alandire cimodzimodzi ndi mbadwa ya dzikolo. Mau amenewo atikhudza ife kwambiri, popeza tiri mtundu wa anthu oyenda kutali kukafuna nchito.

Kuno kwathu ku Malawi lamulo lotere linalembedwa mwatsopano m'caka ca 2000, dzina lace Workers' Compensation Act, ndipo oliyang'anira ndiwo a Unduna wa za Nchito, amene ali ndi maofesi ao m'maboma. Lamulo la 2000 linanena zinthu zinai zimene ali yense wodziwa kuwerenga ayenera kuzisunga pamtima. Coyamba, mwini nchito alipire ndalama zoyenera za ku cipatala ndi za mankhwala a munthu wobvulalayo. Caciwiri, pa nyengo imene munthuyo ali gone wosakhoza kugwira nchito, asamsiye cabe, koma azilandira ndalama za nyengo ya kudwalayo. Cacitatu, akalumala kotheratu, wosakhozanso nchito iri yonse moyo wace wonse, alandire malipiro ace a miyezi 54 pamodzi. Cacinai, akafa nayo ngoziyo, iwo amene anali kudya za m'manja mwace alandire malipiro ace a miyezi 42. Lamulo lomwelo liwerenganso nthenda zina zogwidwa cifukwa ca nchito monga ngozi.

Nanga iye wotaya diso limodzi, kapena zala, kapena mwendo, amene sanalumale kotheratu? Ameneyo dotolo amuyesa, nalemba kuti mphamvu yace yacepa ndi magawo akuti pa 100, ndipo cipepeso citsata ciwerengero cimeneco. Tiyerekeze kuti munthu alandira K100,000 pa mwezi. Akalumala kotheratu, miyezi 54 ija ikwana K5,400,000. Koma dotolo akalemba kuti wataya magawo 10 pa 100, cace ndi K540,000. Ndalama zimenezi sizimeretsa cala catsopano, ndipo palibe munthu wanzeru angasinthe diso lace nazo. Koma zisiyana kutali ndi thumba la ufa. Zikhoza kugula ng'ombe za pa ngolo kapena makina osokera, kuti wopundukayo apeze podyera ndi ana ace.

Zindikirani pamenepa kuti ciwerengero conse cituruka m'colembera ca dotolo. Cifukwa cace njira ya kuciritsa bala ndi njira ya kulandira cipepeso ndi imodzi, ndipo iyambira pa khomo la cipatala. Munthu wokhala kunyumba ndi kumathira phulusa kapena mizu pa bala lakuya ataya ziwiri pamodzi, dzanja ndi mlandu womwe. Bala lolowa dothi kapena citsulo cakuda likhoza kudzetsa kafumbata, nthenda youmitsa nsagwada ndi thupi lonse, imene jekeseni wa ku cipatala aitsekereza akabayidwa msanga. Pfupa lothyoka likacedwa kulunzanitsidwa limalumikizana mokhota, ndi mwini wace atsimphina moyo wonse. Mankhwala opopera fodya kapena thonje akagwera m'diso, diso lifuna kutsukidwa pomwepo ndi madzi abwino ambiri, ndipo pambuyo pace lionedwe ndi dotolo. Ndi munthu wogwa pamwamba nagunda mutu akhoza kudzuka ndi kuseka, koma mwazi uli kukha m'kati, nafa usiku womwewo. Zonsezi zifuna tsiku lomwelo, si mawa.

Kuti tione bwino kulemera kwa mau awa, tikumbukire ulendo umene atate ndi ambuye athu ambiri anayenda, wa ku migodi ya golidi ya ku Johannesburg, kumene timakucha ku Joni. Anawalemba ndi bungwe la Witwatersrand Native Labour Association, limene anthu athu analicha Wenela. Mu 1913 boma la South Africa linaletsa kulemba anthu a maiko otentha a kumpoto kuno, cifukwa anali kufa ambiri ndi cibayo. Koma m'zaka za m'ma 1930 khomo linatsegukanso, ndipo pofika 1973 Amalawi oposa 100,000 anali m'migodimo. Pa 4 April 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana, nipha Amalawi oposa 70 amene anali pa ulendo wobwerera kwao. Ndipo Dr Banda analetsa Wenela kulembanso anthu. Ulendowo unayambanso mu 1977 pansi pa dzina la TEBA, limene ife timati Theba, koma ndi anthu ocepa, kufikira unadukanso kuyambira 1988.

Imfa ya ku Francistown inamveka dziko lonse cifukwa inadza tsiku limodzi. Koma panali imfa yina yoyenda pang'onopang'ono, imene inabwera kumudzi m'cifuwa mwa amuna amene tinawalandira ndi nthungululu. Ife amene tinakulira m'midzi ya anthu otere tikumbukira bwino kufika kwao: bokosi lacitsulo, mabulangete olemera, njinga yonyezimira, ndi mau acilendo a ku mgodi amene ana tinali kuwayeseza. Tikumbukiranso kuti zitapita zaka, ena a iwo anayamba kutsokomola kosaleka, nalephera kukwera ngakhale culu osaima kupuma, nakhala tsiku lonse padzuwa atatsamira khoma, akazi ao ali kumunda. Ena anati walodzedwa cifukwa ca cuma cace. Ena anati ndi ukalamba, cinkana munthuyo sanafike zaka 50.

Ceni ceni cinali pfumbi. Golidi wa kumeneko agona m'mwala wolimba kwambiri, ndipo pouboola ndi kuuphulitsa pansi pa nthaka pauka pfumbi losalala, losaoneka ndi maso, limene lilowa kufikira m'kati mweni mweni mwa mapapu. Thupi likalephera kulituruta limanga zipsera pamenepo, ndipo mapapu auma pang'onopang'ono monga cikopa coyanika padzuwa, osakhozanso kukoka mpweya wokwanira. Nthendayi madotolo aicha silicosis. Iribe mankhwala oiciritsa, ndipo kawirikawiri ionekera zitapita zaka 10 kapena 20, munthu atacoka kale pa nchito. Coopsa cina ndi cakuti itsegulira khomo cifuwa cacikuru, pakuti mapapu a zipsera sakhoza kudziteteza bwino.

Eni migodi ndi boma la kumeneko anaidziwa nthendayi kale, pakuti malamulo a cipepeso cace anayamba mu 1911 ndi 1912. Koma kwa zaka zambiri Azungu a m'migodi analandira zocuruka ndi kuyesedwa kawirikawiri, pamene anthu akuda analandira zocepa, nabwezedwa kwao kutali nthenda isanaoneke. Lamulo la 1973 la nthenda za m'migodi, monga linakonzedwa pambuyo pace, lipatsa munthu wocoka ku mgodi ufulu wa kuyesedwa m'cifuwa zaka ziwiri ziri zonse. Koma ofesi yaikuru yoweruza za mapapu iri ku Johannesburg, ndipo munthu wa ku Dedza kapena ku Mzimba, wosauzidwa ndi munthu, akadadziwa bwanji? Khasu linabwezedwa lothyoka m'kati, mwini wace osaona mng'alu.

Amene anatsegula njira anali munthu wamba wa ku Eastern Cape, dzina lace Thembekile Mankayi, amene anagwira nchito pansi pa mgodi kuyambira 1979 kufikira 1995. Atadwala m'mapapu anapatsidwa R16,320 monga mwa lamulo la 1973, ndipo iye anati sizikwana, nasumira kampani ya AngloGold Ashanti kufuna R2.6 miliyoni. Mabwalo awiri anamkana. Koma pa 3 March 2011 bwalo lalikuru loona za malamulo a dzikolo linaweruza kuti anthu a m'migodi ali nao ufulu wa kusumira eni migodi. Mankayi sanamve ciweruzoco, pakuti anamwalira masiku owerengeka cisanaturuke. Koma pa njira yace panadutsa anzace zikwi zambiri. Mu 2016 bwalo la ku Johannesburg linalola kuti asumire pamodzi monga gulu limodzi. Mu May 2018 makampani 6 a golidi anabvomera kupatula ndalama zokwana ngati R5 biliyoni. Mu July 2019 bwalo linabvomereza panganolo. Ndipo mu 2020 linayamba nchito bungwe logawa ndalamazo, dzina lace Tshiamiso Trust, mau a Citswana otanthauza kukonza colakwika.

Panganolo linati alandire iwo amene anagwira nchito ya pfumbi m'migodi ya makampani amenewo pakati pa 12 March 1965 ndi 10 December 2019, nagwidwa ndi silicosis kapena cifuwa cacikuru ca pa nchito, pamodzi ndi amasiye a iwo amene anafa nazo. Ndipo silinasankhe dziko locokera munthu. Za silicosis linaika kuyambira R70,000 kufikira R250,000 monga mwa kukula kwa nthenda, ndi kufikira R500,000 kwa odwalitsitsa. Bungwelo linapatsidwa moyo wa zaka 12, osati wamuyaya.

Apa ndipo tiona kuti makolo ananena zoona kuti mlandu suola. Pfumbi limene munthu anapuma mu 1970 linadzaweruzidwa zitapita zaka pafupifupi 50. Koma pali cina cimene makolo sanacione, cifukwa milandu yao inali ya pa bwalo la mudzi. Pa bwalo lathu mboni ndi anthu. Nkhalamba ikumbukira amene anabwereka ndi amene anabweza, ndipo ikafa yauza kale adzukulu. Ku maofesi a kutali mboni ndi kalata, ndipo kalata imaola. Afuna nambala imene munthu analembedwa nayo ku mgodi, dzina la mgodi, zaka zimene anagwira, cithunzi ca m'cifuwa, ndi kwa womwalira cikalata conena nthenda imene anafa nayo. Nanga ndi angati a atate athu anaikidwa m'manda popanda ngakhale kapepala kamodzi konena cimene cinawapha?

Tinakhalapo tsiku lina pamene mai wina wamasiye anatsegula bokosi lacitsulo la mwamuna wace, atamva kuti za ku migodi ziri kulipidwa. Anaturutsa jekete, cipewa ndi nsapato zazikuru. Koma pansi pa bokosi, pamene panadya dzimbiri, ciswe cinali citalowa, ndipo makalata onse anasanduka dothi, kutsala kacidutswa kokhala ndi cidindo copanda dzina. Mwamunayo anatsokomola zaka 7, mudzi wonse unamumva, ndipo tonse tikadakhoza kucitira umboni. Koma umboni wa makutu athu sulowa m'mabuku a ku Johannesburg. Maiyo anapinda jekete bwino lomwe, nalibwezera m'bokosi, natseka, osanena kanthu. Ngakhale zitatero munthu asataye mtima msanga, popeza a TEBA anasunga mabuku a maina ambiri, ndipo dzina lokhoza, mudzi, mfumu ndi caka ca ulendo zikhoza kuthandiza pofunafuna. Koma njirayo italika, ndi okalamba alibe masiku ambiri odikira.

Tiyeneranso kunena mau amene ena sadzakondwa nao. Si onse anapita ku Joni adzalandira za panganolo ai, koma okhawo amene madotolo apeza nthendayo mwa iwo. Ndipo ndalama zimenezi ndi zina, zosiyana ndi zimene ena anasungitsa za ukalamba. Cifukwa ca kusadziwa kusiyana kumeneku, nkhalamba zambiri zagulitsa nkhuku ndi mbuzi kuyenda maulendo a mphekesera. Dziwani kuti kupereka dandaulo ku Tshiamiso Trust nkwaulere, monganso kukadandaula ku ofesi ya za nchito ya Boma lathu. Munthu akafika m'mudzi ndi cikwama, nati mumpatse ndalama kuti dzina lanu lifulumire, mufunseni kalata ya ofesi imene yamtuma, ndipo mukafunse ku ofesiko musanaturutse kanthu. Safunsa anadya phula. Ndipo wakale wa ku mgodi amene ali kutsokomola asadikire ndalama kuti apite ku cipatala, pakuti cifuwa cacikuru cimacira ndi mankhwala a miyezi 6, amene aperekedwa kwaulere m'zipatala za Boma. Pofika kumeneko auze dotolo kuti anagwira nchito pansi pa mgodi zaka zakuti, kuti zilembedwe.

Za makolo zina zapita, ndipo madzi akatayika saoleka. Koma ana athu ali pa nchito lero lino, kuno kwathu ndi ku South Africa komwe, kumene lamulo la 1993 liyang'anira obvulala pa nchito za kunja kwa nthenda za m'migodi. Tsono tiwalangize ciani? Wobvulala auze kapitao kapena mwini nchito tsiku lomwelo, pamaso pa anzace awiri, ngakhale bala lioneke laling'ono. Apite ku cipatala, nanene poyera kuti wabvulala pa nchito yakuti, tsiku lakuti, kuti mau amenewo alowe m'kabuku kace ka ku cipatala. Asabvomere munthu womuuza kuti akanene kuti anagwa panjinga. Asunge kapepala kali konse ka malipiro ndi ka mankhwala. Lamulo lifuna kuti mwini nchito adziwitse a Boma za ngoziyo. Koma wobvulala, kapena mbale wace, apite yekha ku ofesi ya za nchito kukaona ngati zinafikadi, ndipo asacedwe, cifukwa malamulo otere aika nyengo, ndi wofika nyengo itatha akhoza kupeza khomo lotseka. Asadinde cala pa cikalata cimene sanacimve, makamaka conena kuti walandira zonse. Ndipo adziwe kuti wofika pa nchito ataledzera, kapena wokana dala malangizo a citetezo, akhoza kuononga mlandu wace yekha.

Inu amene mudziwa kuwerenga ndi kulemba, gawo lanu ndi lalikuru pa nkhaniyi. Kuyambira kale ndinu amene munawerengera akazi makalata ocokera ku migodi ndi kuwalembera mayankho. Mutu umodzi susenza denga, ndipo munthu wodulidwa dzanja, amene ali m'ululu ndi mantha, sakhoza kuyenda yekha m'maofesi. Pomzonda tengani colembera pamodzi ndi phala. Lembani tsiku, malo, maina a iwo anaona, ndi mau amene dotolo ananena. Mperekezeni ku ofesi, mumuwerengere cikalata ciri conse mokweza asanadinde. Nchito imeneyi siifuna maphunziro a loya. Ifuna munthu wokhulupirika wa maso awiri ndi mtima wodekha.

Koma tisaloze cala makampani okha, pakuti ifenso tiri obwereka matupi a anzathu. Pakati pa ife owerenga alipo eni zigayo, eni ngolo, ndi iwo olemba anyamata kukumba zitsime, kuoca njerwa, kuceka matabwa ndi kupopera mankhwala m'fodya. Boma linaika lamulo mu 1997 la kusamala moyo ndi citetezo pa malo a nchito. Koma ngakhale kumene woyendera wa Boma safika, mwini cigayo adziwa yekha kuti lamba wosaphimba adzagwira munthu tsiku lina, ndi mwini citsime adziwa kuti dothi lofewa limagumuka. Kuphimba lamba kucepa mtengo koposa kulipa dzanja. Ndipo ngozi ikagwa, tisabisale kuseri kwa mau akuti anali waganyu cabe, sitinalemberane kanthu. Kumene lamulo la Boma lilekeza, mwambo wa kubwereka ufikabe. Mnyamatayo tinambwereka kwa amace wamphumphu; kumnyamula kupita naye ku cipatala, kulipira mankhwala ndi kukhala pansi ndi abale ace si ulemu woonjezera ai, koma mangawa athu. Munthu amene afuna kuti kampani ya kutali ilipe mwana wace, koma iye athamangitsa waganyu wace wopweteka, ayesa ndi miyeso iwiri, ndipo mudzi umaona.

Pomariza tipempha cinthu cimodzi cokhoza kucitika sabata yomwe ino. Nyumba iri yonse imene muli munthu wa pa nchito, kapena wakale wa ku migodi, kapena wamasiye wace, mutsegule mabokosi ndi kuturutsa makalata onse. Muwayanike, muwakulunge m'pulasitiki, muwaike m'citini cotseka bwino pamalo okwezeka, kutali ndi ciswe ndi kudontha kwa denga. Amene ali ndi foni yojambula awajambule, natumize zithunzizo kwa mbale wina wokhala kwina. Ndipo ngati nkhalambayo ikali ndi moyo, khalani nayo pansi madzulo ano, muifunse dzina la mgodi, nambala yace, caka cimene inapita ndi cimene inabwera, ndi maina a anzace a m'mudzi amene inayenda nao. Mulembe zonse m'kabuku, ndi kuuza ana kumene mwakasunga.